Lole ya Fodya Imene Anapatsa Alamu Anga

M'zaka zija za nkhondo yachiwiri ya azungu, tauni ya Chipata ikutchedwabe Foti Jemusoni, galimoto zinali zowerengeka, moti ikadutsa imodzi kwathu ku Chiparamba anthu ankaika makasu pansi n'kumayang'ana fumbi mpaka lithe. Inu ana a lero mumadzutsidwa ndi mahutala a maminibasi, ndipo mumaganiza kuti ngozi zinabwera chifukwa cha kuchuluka kwa galimoto, koma ine mkazi wanga anafera pamsewu wopanda galimoto ina iliyonse.

Dzina lake anali Rozaliya, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wongoleka kumene kuyamwa. Mlongo wake, alamu anga a Alufeyo, ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ya mzungu wina. Ntchito yawo inali kukweza mabelo, kupukusa chitsulo cholizira injini, ndi kuika mwala kuseri kwa tayala lole ikaima pachitunda. Dalaivala weniweni anali bambo wina wa ku Nyasalande, a Chikopa, koma iwowa atatengedwa kukayendetsa galimoto za asilikali, bwana uja sanafune kuti fodya wake adikire. Anaitana a Alufeyo.

"Wakhala ukuona mmene mnzako amachitira. Zungulira bwaloli."

Anazungulira osagunda mtengo, ndipo sukulu yonse inathera pomwepo. Chokhacho chimene bwanayo anawonjezera n'chakuti petulo akusowa chifukwa cha nkhondo, asamawononge.

Musaseke, ana inu, ifenso kumudzi tinanyadira. Apongozi anga analuluta tsiku limene mwana wawo anafika n'kuimika lole pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe anafunsa kuti, kodi mwana ameneyu wamuphunzitsa ndani? Tinkayesa kuti munthu akatha kuyendetsa chinthu kupita kutsogolo ndiye kuti wachidziwa.

Itakwana nyengo yokolola, Rozaliya anafuna kukagulitsa mtedza ku boma kuti agule nsalu, poti imene ankavala ku Misa inali itang'ambika. Lole inaima m'mawa pamphambano, mabelo atasanjikizana mpaka pamwamba, ndipo amayi angapo anakwera n'kukhala pamwamba pa fodyayo. Ine ndinamukwezera dengu lake.

"Alamu, musadandaule," anatero a Alufeyo atatulutsa mutu pawindo, "mlongo wangayu ndibwera naye dzuwa lisanapendeke."

Panjira yopita ku boma panali chitsikiro chachitali chothera pa kamlatho kopapatiza. Atafika pamwamba pake, a Alufeyo anakumbukira za petulo uja, ndipo anachotsa giya n'kuzimitsa injini kuti lole itsike yokha. Inatsikadi. Ataona kuti liwiro lachuluka anaponda mabuleki, anapondanso, mpaka mabulekiwo anatentha n'kusiya kugwira, ndipo giya inakana kulowa. Lole inaphonya mlatho n'kugwera mumtsinje chagada.

Uthenga unandipeza kumunda. Pamene ndinkafika, anthu anali atagoneka kale mitembo pa udzu n'kuifunditsa zitenje, ndipo Rozaliya ndinamuzindikira ndi mapazi. A Alufeyo anali atakhala pamwala, mkono wothyoka uli lende, osalira. Bwana uja anafika pambuyo panga. Anadutsa pamene panagona amayiwo, natsikira kumtsinje kukaona ngati fodya wanyowa. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la fodya wouma mtima umandiwawa.

Kukhoti woweruza anafunsa a Alufeyo kudzera mwa womasulira kuti anawaphunzitsa kuyendetsa ndani.

"Palibe, bwana. Ndinkangoonerera."

Mzungu wa esiteti anaima n'kunena kuti iye sanalolepo kunyamula anthu, ngakhale dziko lonse linkadziwa kuti lole imeneyo inkanyamula anthu kuyambira kale. A Alufeyo anapita kundende. Lole anaikoka ndi ng'ombe, anaikonza, ndipo mvula isanagwe inali itayambanso kuyenda, pachiwongolero pali mnyamata wina wokweza mabelo. Mwana wanga akamva kulira kwa loleyo ankathamangira kumsewu kukachingamira amake.

Atatuluka kundende, alamu anga sanakwerenso galimoto moyo wawo wonse, ku boma ankapita wapansi. Nkhondo itatha a Chikopa anabwerako, ndipo atamva nkhaniyi anadzatipepesa. Tinakhala atatu pakhonde. Iwo anafunsa mmene zinachitikira, a Alufeyo nafotokoza, maso ali pansi.

"Mwana wanga," anatero a Chikopa, "lole yolemera sitsika phiri yopanda giya. Giya imene wakwerera ndi imene umatsikira, injini ndiyo imagwira katundu. Kuusilikali amatiuza zimenezi tisanakhudze n'komwe chiwongolero."

A Alufeyo anafunsa ndi mawu otsika.

"Basi? Mawu ake ndi omwewa?"

"Ndi omwewa."

Apo m'pamene ndinawaona akulira koyamba.

Lero masukulu oyendetsa galimoto alipo m'tauni muno, koma ndimamva kuti ena mwa inu mumaphunzirira pa siteshoni, kusuntha minibasi pamzere dalaivala akapita kukadya, mawa lake mwanyamula anthu kupita ku Mtenguleni. Iwe Dominiko, mdzukulu wanga, ndamva kuti nawenso ukufuna ntchito imeneyi. Sindikukuletsa, ndi ntchito yabwino. Koma pita ukakhale pansi kwa munthu wodziwa, ufunse ngakhale zimene ukuona ngati n'zochititsa manyazi kufunsa, ndipo mwini galimoto akakufulumizitsa usanakonzeke, ukane. Ikawonongeka, iye adzagula galimoto ina. Amene akhala kumbuyo kwakowo kunyumba kwawo akudikiridwa.