Thobwa la a Alice Silinaphe Amayi

A mfumu, abusa, abale ndi anansi, ine ndine Violet, mwana woyamba wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri iyi.

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Emelia Njobvu, akazi awo a Bambo Osward Sakala. Anabadwa m'chaka cha 1962 ku Vubwi, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu analekezera Giredi 7. Mayeso anakhoza, koma agogo athu anati mwana wamkazi waphunzira zokwanira, ndipo nkhani imeneyi amayi anaidandaula mpaka imvi.

Mu 1981 anakwatiwa n'kubwera kuno ku Sinda. Kusoka anaphunzira kwa a Rashid, telala wa ku Katete, ndipo makina a amayi analira pakhonde la sitolo pamsika zaka zoposa makumi atatu. Ambiri a inu munapita kusukulu mutavala yunifolomu yotuluka m'manja mwawo. Anali a Chigwirizano cha amayi, ndipo mabulauzi oyera ena amene ndikuwaona panowa anasoka ndi iwo. Munthu akabweretsa kansalu kochepa n'kumafuna diresi lalikulu, ankamuuza pamaso kuti iwo ndi telala, zozizwitsa akafunse kwa abusa.

Mu 2009 anayamba kudandaula chilungulira ndi kutentha m'mimba. Ankasungunula soda wa therere m'kapu, kumwa, n'kubwerera pamakina. Patapita zaka zitatu zala zinayamba kutupa m'mfundo, ndipo m'mawa zinkauma moti ankalephera kulowetsa ulusi pasingano. Mawondo nawo anatsatira. Zala zinapindika, ndipo mu 2015 makina aja anakhala chete.

Apa ndimvetsereni bwino, chifukwa ndakwiya ndipo sindibisa. Mlungu umene m'mimba munayamba, amayi anali atamwa thobwa kwa alamu awo, a Alice Sakala, mlongo wawo wa abambo. Anthu ena, ndipo ali pompano, anayamba kunena kuti a Alice anawadyetsa mankhwala chifukwa cha nsanje. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mwakhala mukuwatcha mfiti. Ana anu munawaletsa kudya kwawo. Pamaliro ano mwawakaniza kulowa m'nyumba momwe mwagona mtembo, pophika mwawalanda mthiko, ndipo masiku awiri onsewa akhala okha kuseri kwa nkhokwe.

Mu 2019 ndinapita ndi amayi kuchipatala ku Katete. Atawayeza anapeza tizilombo ta m'mimba toyambitsa zilonda, tomwe timalowa ndi madzi kapena chakudya, kawirikawiri munthu akadali mwana. Za zalazo anati ndi nyamakazi ya mtundu umene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumawononga mfundo za mafupa. Dokotala anatiuza kuti ofufuza ena akuganiza kuti tizilombo timeneti tingathe kuputa chitetezocho, ngakhale sanatsimikize. Mapepala onse ndabwera nawo. Wofuna kuwerenga andipeze tikachoka kumanda, akafufuze ngati muli dzina la a Alice.

Amayi anamwa mankhwala a milungu iwiri ndipo m'mimba munakhalako bata. Zala zokha sizinasiye kuwawa. Dokotala anali atatichenjeza kuti mapiritsi oletsa ululu ogula pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, amanyanyula zilonda za m'mimba. Koma mayi wako akamalira ngati mwana, chenjezo umaliiwala. Ndinkawagulira ine amene ndikabwera kudzawaona. Lachiwiri lapitali anasanza magazi, ndipo Lachitatu masana anatisiya ali kuchipatala. Ngati mukufunadi munthu womuloza chala, ndili pano, yambani ndi ine.

Zaka zonse zimene manja anakana ntchito, ine ndinali ku Lusaka, inu munali m'makomo mwanu. Amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa, kuwamanga chitenje ndi kuwamwetsa phala anali a Alice. Amayi ankaseka akamva miseche yanu. Ankati, "Alamu angawa ngati ndi mfiti, ndiye ndi mfiti yaulesi. Zaka zonsezi ikudikira chiyani? Bweretsani thobwalo ndimwe." Ndipo ankamwadi, pakhonde, inu mukudutsa.

Malemuwa asiya amuna awo a Osward Sakala, ana anayi, omwe ndi ine, Joshua, Mirriam ndi Ezara, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, a Jailos a ku Vubwi. Asiyanso alamu awo a Alice, amene anakhala manja awo kwa zaka khumi.

Amayi a Chigwirizano mwakhala mukufunsa kumene kuli duku loyera la malemu. Ndinalibisa ndine, ndi ili. Ali kuchipatala, amayi anandigwira ndi zala zawo zopindikazo n'kunena kuti duku lomaliza awamange a Alice, poti palibe wina amadziwa mmene iwo amalifunira. Abambo avomereza. Azakhali, tulukani kuseri kwa nkhokweko, bwerani. Inu mwakhala panjirapo, apatseni mpata. Bokosi ili silitsekedwa mpaka atamanga.

Amayi athu amva zowawa zokwanira. Akavekedwa duku lawo, apumule mu mtendere.