Galimoto Imene Inkagogoda Pageti

Monire mose, abale ndi alongo. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine NyaChirwa wa ku Ching'ambo, mayi a Wongani. Ena mwakhala mukuyang'ana zikhadabo zanga zakudazi. Lero ndikuuzani chimene chinazidetsa.

Amuna anga ankayendetsa takisi. Galimoto imodzi yokha, koma ndi imene inkatidyetsa, ndi imene inkaphunzitsa ana. Ine ntchito yanga inali kungokwera. Za pansi pa boneti sindinkazidziwa. Kenako bambo a Wongani anadwala, n'kutisiya.

Maliro atatha, alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, anatenga makiyi kuti ana asagone ndi njala. Madzulo akubwerera, akukhota kulowa pageti pathu, tinamva: go, go, go. Pamsewu zii. Pageti pokha, go, go, go. Mawa lake chimodzimodzi.

Alamu anatsika thukuta lili kamukamu. "Mlamu, akulu akugogoda. Akufuna kulowa m'nyumba mwawo. Ine galimoto iyi sindiikhudzanso."

Achibale anagwirizana kuti ipite kwa ophwasula, akaigulitse zidutswazidutswa. Abale anga, ndinalira. Ndalira mwamuna, ndilirenso chakudya cha ana? Ufa unatha. Wongani anayamba kuswera pakhomo anzake akupita kusukulu.

Ndinapemphera chomene. Koma ine Mulungu anandilenga wamafunso. Ndinati, Ambuye, munthu uja sanagogodepo pakhomo pake, ankangolowa akuimba mluzu. Ulemu umenewu wauyamba liti? Nanga bwanji amagogoda pokhota pokha?

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mzilawaingwe, kwa a Mkandawire, makaniko amene ankakonzera amuna anga. Anabwera, anandikweza m'galimoto yathu ija, tinapita pabwalo la mpira. Anapinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyamba kuzungulira. Go, go, go.

"Mama, pano pali geti?"

"Palibe."

Anaikweza pa jeke n'kuchotsa tayala lakutsogolo. Ine ndinamanga chitenje, ndinagwada pafumbi. Ichi n'chiyani, dada? Nanga ichi? Iwo osatopa. Anati injini imawotcha petulo wosakaniza ndi mpweya, mapulagi akuthetha moto, mapisitoni akukwera ndi kutsika ngati misi mumtondo. Mphamvu imeneyo imalowa mu giyabokosi. Ikachoka apo imadzera m'chitsulo chachitali chotchedwa shafuti, kukazunguza tayala.

Ndinafunsa, "Nanga tayala likakhota, chitsulo chowongokachi sichithyoka?"

Anaseka. "Bweretsani dzanja, mama."

Anandigwiritsa kumapeto kwa shafuti. Pali mfundo yopindika ngati chigongono, amaitcha sivi jointi. Imakhala m'kathumba ka labala kodzaza girisi. Kathumba kathu kanali katang'ambika, girisi atatayika, matope a ku Ching'ambo atalowa. Poyenda mowongoka mfundoyo siidandaula. Imalira ukakhota kwambiri, ndipo geti lathu ndi lopanikiza, sungalowe osapinda chiwongolero chonse.

Akupukuta manja, a Mkandawire anati, "Bambo a Wongani anakaona kathumbaka katayamba kung'ambika. Anati abwera nayo akachira."

Abale anga, pamenepo ndinakhala pansi. Sanachire.

Anzawo a malemu a pa siteji ya matakisi anathandiza kupeza jointi ina, a Mkandawire n'kuimanga. Ndinathira girisi ndi manja angawa. Ndinaitana alamu ndi achibale kuti aime pageti. A Mkandawire anakhota, analowa. Zii. Alamu anazungulira galimoto, anasuzumira kunsi, kenako anatambasula dzanja. "Mlamu, makiyi aja."

Onse anaseka. Ine ndinalowa kuchipinda kukalira. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, kugogoda kuja ndinali nditayamba kukuyembekezera madzulo alionse.

Lero galimoto ikuyenda njira ya ku Lupaso, alamu ali pachiwongolero. Wongani ali kusukulu. Ine m'mawa ndimapita kugalaja ya a Mkandawire kukaphunzira. Ndikadinikiza galimoto pakona, iyo n'kumangodumphadumpha, ndimadziwa kuti mashoko, zitsulo zoletsa kudumpha, atha. Za giyabokosi zikundizunguzabe mutu, koma ndikufunsa. Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope ndi mafunso anga.

Madzulo ndimaimabe pageti kumvetsera. Galimoto imakhota, imalowa mwakachetechete, ndipo ndimadziwa kuti bambo a Wongani akupumula.

Yewo chomene, Ambuye akudalitseni nonse.