Madzi Otaya a Apongozi

Mwini garaja anali chagada kunsi kwa galimoto pamene anaona nsapato zonyezimira zitaima pafupi ndi mutu wake. Anali mkamwini wake wa ku ofesi ya mapaipi a suweji, munthu woti ukamuuza kuti khalani pansi amakhaladi pansi, mpando uli pomwepo.

"Bambo, lero ndabwera zantchito," anatero mkamwini, dzanja lina pepala, lina kabotolo. "Mukapezeka olakwa, garajayi itsekedwa."

Mkuluyo anatuluka kunsi kwa galimoto kuja. Garaja ya zaka makumi awiri, yomwe inaphunzitsa ana onse, itsekedwe lero?

"Funsani."

"Madzi mumataya kuti?"

Sipanala inagwa pansi. Kwa munthu woleredwa bwino, kutaya madzi n'kuja munthu amapatuka n'kuyang'ana kukhoma. Ndiye pa benchi panali makasitomala awiri, makutu ali tcheru.

"Akamwini, zimenezo amafunsa mpongozi?"

"Timafunsa aliyense, bambo. Dzulo ndinafunsa mayi wa saluni uja. Anachita kundionetsa."

"Anakuonetsani! Mwana wanga akudziwa?"

"Ndinamuuza. Anati ndilimbikire, mwina andikweza pantchito."

Mkuluyo anagwira pakamwa. Dziko latha ili.

"Sindiyankha."

"Ndilembe kuti mwakana? Okana timawatsekera pompo."

"Kuseli uko, pa ngalande!" ananong'ona mokukuta mano. "Mwakhuta?"

"Pa nga-la-nde," mkamwini analemba mosamala. "Kangati pa tsiku?"

"Iii! Ndimawerenga? Zimatengera tiyi."

"Mumathiramo tiyi?"

"Ndimamwa!"

"Musamamwe, bambo, ndi oopsa. Nanga anyamata anu antchito, amakuthandizani kutaya?"

"Aliyense amataya ake! Mwandiyesa wodwala?"

"Chabwino. Ndi amtundu wanji?"

"Ngati a munthu aliyense."

"Ayi bambo, pamenepo mwanama pang'ono. Anu ndi akuda bii, onanda. Amayandama pamwamba pa a anzanu."

Kasitomala mmodzi anasuntha benchi kuti amve bwino. Mkuluyo anatuluka thukuta mpaka m'makutu.

"Mwawaona kuti inu?"

"M'paipi. Madzi sasowa, bambo, amangosamuka. Anu akatsika pano amakakumana ndi a mayi wa saluni..."

"Sindinakumanepo naye mayi ameneyo!"

"...kenako onse amalowa m'paipi yaikulu ya pansi pa msewu. Kumeneko anuwo akumamatira m'mbali, n'kumagwira tsitsi ndi mapepala, mpaka paipi yatseka. Dzulo anatumphukira pabwalo la sukulu kumunsi uko. Ana awabweza kunyumba."

"Ine? Ndatseka sukulu?"

"Tawatsata chivundikiro ndi chivundikiro, kukwera mtunda, mpaka pakhomo panu pano. Ndi malita ngati makumi awiri pa sabata."

"Malita makumi awiri! Ine amene masiku ano ndimachita kudontheza ngati mpopi wakutha?"

"Ndiye kuti pakudontha penapake. Tidzabwera ndi anzanga tidzafukule."

"Mufukule chiyani!"

Mkamwini sanaone vuto. Anatsegula kabotolo kaja n'kukapereka ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse.

"Muthiremo pang'ono tikayeze. Koma ndikhale ndikuona."

"Mukhale mukuona?"

"Ndi lamulo. Ena amabera, amakatunga pampopi."

Apa mkuluyo zinamukwana. Anamenya boneti, makasitomala n'kudzidzimuka.

"Mverani kuno, akamwini! Ndinakupatsani mwana wanga, ndinakukonzerani njinga yamoto ulere. Koma izi, bola kufa! Tsekani garajayo! Itanani apolisi! Dontho ngakhale limodzi simuliona!"

"Koma bambo, chavuta n'chiyani? Ndi madzi chabe otsukira injini, aja mumasakaniza ndi oyilo wakutha."



Mkuluyo anatembenuka pang'onopang'ono. Pakona panali mgolo wa oyilo wakuda, ndipo kuchokera pamenepo mzere wonyezimira unkatsetsereka bwinobwino mpaka kukalowa m'ngalande. Madzi amenewo akalowa m'botolo, garaja yapita.

"Akamwini, tawerenganinso funso lija mmene alilembera."

"'Madzi amene mwini malo amataya.'"

"Basi? Za injini palibe?"

"Palibe, bambo."

"Ndipo madziwo akapezeka opanda oyilo?"

"Garaja siitsekedwa."

Mkuluyo analanda kabotolo kaja, n'kuyamba kumasula lamba.

"Tiyeni kuseli, akamwini. Ndipo muyang'anitsitse, asadzati ndinatunga pampopi."