Chitunda cha kwa Apongozi

M'zaka za Chitaganya, pamene msewu wa ku Lusaka unali fumbi lokhalokha ndipo basi ikadutsa pa Petauke anthu anali kuikamba mpaka tsiku lotsatila, ine ndinali mnyamata wophunzila, ndipo chizindikilo cha maphunzilo anga chinali pakamwa. Musaseke. Masiku ano mumaonetsa pepala, koma ife tinali kuonetsa ndudu ya m'sitolo, yoyela, ya m'kabokosi. Wopichila fodya m'khoko la chimanga anali munthu wamba, koma wotulutsa kabokosi m'thumba la shati, nagogoda ndudu pachikhadabo asanayatse, ameneyo ngakhale kalaliki wa pa boma anali kumupatsa mpando. Fodyayo anali kulimidwa ndi abale athu omwe ku mapulazi a ku Halale, ndipo kugawana kumene anatilonjeza m'Chitaganya ine ndinakuona pamenepo: iwo kulima, ife kugula, chifuwa n'kulandila mofanana.

Iwe Masauso, usabise dzanja kumbuyo, fungo lafika kale, ndipo sindikukudzudzula. Khala pansi umve, pakuti nkhaniyi ndi ya ambuya ako aVelonika, amene tawaika m'manda chisanu chathachi.

Nditawakwatila ndinakakhala kwao, mudzi wa chakufupi ndi Minga, monga mwa mwambo, pakuti mkamwini amayamba walimila apongozi ake asanapemphe chitengwa, ndiko kutenga mkazi kupita naye kwina. Ine ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka pafupi, koma akulu a sukulu anandiuza kuti chaka chotsatila adzanditumiza kutali, cha ku Nyimba, m'mapili. Nkhani inali yakuti kodi ndipita ndi mkazi wanga, kapena ndipita ndi kabokosi kanga kokha.

Tsono inu a masiku ano mumacheza ndi apongozi pa foni ngati anzanu a mpila, koma kale mkamwini ndi apongozi aakazi sanali kuyang'anana kumaso, ndipo mukakumana panjila wina anali kulowa m'thengo. Apongozi anga anali munthu wosunga mwambo kwambili, kotelo kuti sanandilankhulepo mawu oipa ngakhale amodzi. Zonse anali kuuza nkhuku. Ine ndikakhala kuseli kwa nkhokwe, iwo anali kumwaza gaga pabwalo n'kuyamba: “Nkhuku inu, mwamva tambala watsopano wa pano? Salila, amangotsokomola, koma kucha kumacha ndithu.” Nkhuku za pamudzi paja zinali kudziwa mbili yanga kuposa bambo mfumu wa ku Minga amene ndinali kuulula kwa iye.

Pakati pa mudziwo ndi msewu waukulu panali chitunda chachitali, chamiyala. Lamulungu lina tili kupita ku Misa, ambuya anu ali pakaliyala wa njinga, mpweya unandithela tisanafike ndi pakati pomwe. Ndinatsika n'kukhala pamwala kutsokomola, ndipo iwo anangogwila njinga n'kuikankha mpaka pamwamba, n'kundidikila. Azimai a pamudzi amene anali m'mbuyo anatipitilila mmodzimmodzi, aliyense n'kugwada pang'ono mwaulemu, “Pumulani, aphunzitsi.” Ulemu ngati umenewo sindiufunila ngakhale mdani.

Madzulo ake nkhuku zinaitanidwa. Koma tsiku limenelo apongozi sanaseke. Anati, “Nkhuku inu, ndinali ndi ana aakazi awili. Wamkulu anamutenga chitengwa kupita kutali, ndipo tsiku lake litafika, mwana atapingasa, panalibe womufikitsa ku chipatala. Wandikhalila mmodzi. Lomba ndimupeleke kumapili kwa munthu amene amakankhilidwa njinga ndi mkazi?” Atatelo anakutumula chitenje n'kulowa m'nyumba. Ambuya anu pa nthawiyo anali atayamba kale kulakalaka zowawasa, ndipo tonse tinali kudziwa tanthauzo lake.

Ndinawafunsa usiku tisanagone kuti iwo aganiza bwanji. Anati, “Ine ndipita kulikonse, aMwanza. Koma njinga ndingakankhe lelo, mailo sindidzatha.”

Ndudu zotsala ndinapatsa mnzanga wa pa sukulu, amene anandithokoza ngati ndamuombola. Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambila pamenepo ndinakhala munthu wabwino, koma ndinakhala munthu woipa kwambili. Manja anasowa chochita, tulo tinathawa, ndipo ana a sukulu amene kale anali kulakwa masamu mwamtendele anayamba kuona zachilendo. Kutsokomola kumene ndinali kuthawa kunayamba kwawonjezeka, mpaka nkhuku zinauzidwa kuti tambala uja wasiya mankhwala ake. Ambuya anu anali kundikazingila nshawa n'kudzaza thumba lija munali kukhala kabokosi, ndipo zikatha anali kundidulila misale, kotelo kuti ndinali kuyenda ndikutafuna ngati mbuzi. Anzanga a pa boma anati ndalowa mpingo woletsa zonse, ena anati ndayamba kuumila, pakuti masiku amenewo kupempha moto ndiye anali moni wa amuna, ndipo munthu wopanda machesi analibe poyambila nkhani.

Chovuta kuposa zonse chinali amalume a mkazi wanga, aDaka, amene ndiwo anali ndi mawu otsiliza pa chitengwa. Iwo kaliwo sanali kuchoka pakamwa, ndipo chikondi chao anali kuchionetsa pokutapila fodya wa m'dimba mwao, wakuda, woluma. Kukana cha m'manja mwa mkulu ndi mwano. Choncho ndinali kulandila ndi manja awili, n'kunena kuti ndikasutila kunyumba, ndipo iwo anali kuti, “Iyayi, mkamwini, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.” Ine n'kuseka mwaulemu, malovu ali thothotho m'kamwa. Ndikafika kunyumba ambuya anu anali kutambasula dzanja, n'kukamwaza fodyayo m'nkhokwe. Chaka chimenecho anankafumbwe sanadye chimanga chathu, ndipo ine, munthu wophunzila, ndinaima pankhokwe kuganiza kuti kwa zaka zonsezi ndinali kudya chimene nankafumbwe akukana.

Kenaka zinthu zinayamba kubwelela, osati ngati chozizwitsa ayi, koma ngati mbuzi zobwela madzulo, imodziimodzi. Ndinamva fungo la mvula yoyamba, limene ndinali kuyesa kuti linatha ndi ubwana. Ndinamva fungo la jekete langa la ku chalichi, n'kudabwa kuti anthu anali kupilila bwanji kukhala nane benchi limodzi. Ndipo tsiku lina ndikudya chibwabwa chotendela ndinalavula, n'kufunsa kuti kodi mchele watayikila mumphika.

Ambuya anu anaika dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anati, “Ndi womwewo wa masiku onse.”

“Masiku onse?”

“Kuyambila sabata imene munati ndiwo zanga sizimveka kukoma. Amai anasiya kudya za mumphika wanga, amati ndikufuna kuwaumika ngati nsomba.”

Ana inu, mkazi uja anadya mchele woluma chaka chathunthu chifukwa cha lilime langa lakufa, osadandaula, ndipo ine ndinali kudzitcha wopilila chifukwa cha milungu yowelengeka ya nshawa.

Chitunda chija ndinali kuchiyesa m'mawa uliwonse popita ku sukulu, poyamba ndekha, kenaka ndi thumba la chimanga pakaliyala, ndipo mwala umene ndinali kutsikila unali kusunthila m'mwamba pang'onopang'ono. Lamulungu lina mvula itatha, ambuya anu atalemela ndithu, ndinawakweza. Sindinene kuti ndinauluka. Njinga inali kulila, ine thukuta kamukamu, ndipo pafupi ndi pamwamba ndinamva chifuwa chikuyamba kundikumbutsa zakale, koma dzanja lao linagwila lamba wanga kumbuyo, ndipo phazi langa silinaponde pansi. Azimai aja anali m'mbuyo monga mwa masiku onse. Palibe amene anandiuza kuti ndipumule.

Titabwelako ndinakakhala kuseli kwa nkhokwe kudikila chiweluzo. Apongozi anatuluka ndi gaga, anamwaza, kenaka anati, “Nkhuku inu, ndakhala ndikukuuzani zambili. Lelo ndilibe mawu, koma mmodzi wa inu sagona m'khola.” Madzulo amenewo ndinadya ntchafu, yamchele woyenela, ndipo aDaka anabwela kudzavomela chitengwa, n'kunditapila fodya wambili kuposa kale lonse.

Mwana anabadwa tisanasamuke, ndipo sanavute. Wachiwili ndiye anavuta, tili kale kumapili a ku Nyimba kumene zitunda zimabelekana, ndipo ndinapalasa njinga, ambuya anu ali pakaliyala, kuchokela pa sukulu mpaka ku msewu waukulu kumene tinapeza lole yotifikitsa ku chipatala. Za ulendo umenewo sindikamba zambili. Mwanayo ndi bambo ako, Masauso.

Lelo madokotala amanena poyela zimene ife tinaphunzila kwa nkhuku, ndipo zalembedwa pa kabokosi pomwepo, koma ndikuona kuti kuwelenga sikunachepetse utsi. Ine ndinasiya kuti ndikhale ndi mpweya wokwanila anthu awili, ndipo unakwanadi, zaka zonsezi. Koma taonani mmene Mulungu amawelengela: iwo amene sanasutepo ngakhale kamodzi ndiwo atsogola, ndipo ine amene ndinali kukhala pamwala ndidakali kuyenda mpaka kumanda n'kubwelako osapumila panjila. A ku chipatala akuti chifuwa changa n'chabwino kwambili, ndipo ndimawathokoza, pakuti amanena mokondwa.

Sindikukulamula kanthu, mdzukulu wanga, pakuti mawu a akulu amakoma akagonela. Ndamva kuti kuli mtsikana wina ku Petauke amene ukufuna kutionetsa. Tsiku lina adzakhala pambuyo pako, pa chitunda chimene sunachisankhe, ndipo adzagwila lamba wako. Nshawa zili m'lichelo umo, tapako udzaze thumba. Ndakazinga ndekha, ndipo mchele wachuluka pang'ono, koma masiku ano ndimaukonda wotelo.