Ndodo ya Esinati Ndinaisema Chamanzere

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndine Phiri, kalipentala, ndakalambira pa purazi ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kumutsekera mwana wanga sukulu ndi manja anga omwe, koma Mulungu anakana.

Mwanayo ndi Esinati, ndipo nthawi imeneyo anali mu Giredi 7. Pa komboni pathu aliyense ankadziwa kuti mtsikana akamaliza Giredi 7 amalowa m'shedi kukasankha fodya, kenako ukwati. Koma Esinati anali ndi liwiro, ndipo anakonda hoke, masewera omenya kampira ndi ndodo yopindika, amene anaonera kwa ana a mzungu wa purazi. Ndodo ya m'sitolo sitikanaikwanitsa, choncho ndinamusemera ndekha. Mwanayu ndi wamanzere. Ine ndikamasema mpini ndimayamba ndaona dzanja la mwini wake, ndiye ndodoyo ndinaitembenuza, mbali yosalala yomenyera mpira ndinaiika kwinako kuti imukomere. Ndisaname, ndinadzitama nayo kwambiri.

Tinamva kuti sukulu ina ya mishoni cha ku Glendale ikusankha atsikana odziwa hoke, ndipo wosankhidwa akagonera konko ndi kuphunzira ulere. Foromani wathu atamva kuti tikupita anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mudhara Phiri, hoke ndeye varungu, ndi masewera a azungu amenewo. Mwana wako ndamusungira kale malo m'shedi." Ndinamuyankha kuti malowo asungire mwana wake, ife tinakwera basi.

Titafika, mphunzitsi wa masewera anayamba kuona ndodo za ana. Atagwira ya Esinati anapukusa mutu. "Baba, iyi siloledwa. Mu hoke mulibe ndodo yamanzere." Anamubwereka ndodo yoyenera, ndipo mwana wanga, amene kwathu palibe ankamulanda mpira, anangokhala ngati akulima. Mpira unkamudutsa, anzake ankaseka. Posakhalitsa anamuuza kuti akakhale pansi, ife tikhoza kumapita.

Ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi mtima ukuwawa. Ndinali ndi manyazi, ndinalinso ndi mkwiyo, ndipo pemphero langa silinali laulemu ayi. Ndinati Ambuye, wolakwa ndine, ngati pali chilango langani manja angawa, koma m'shedi mwana wanga salowa. Ndinabwerera kukaima m'mbali mwa bwalo ndi ndodo ija m'manja. Mlonda anandiuza kawiri kuti basi itisiya, ine osasuntha.

Pamenepo panabwera mzungu wamtali, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Amereka. Anapempha ndodoyo, anaitembenuzatembenuza, nayamba kuseka. Ndinangotsala pang'ono kumulanda, koma mphunzitsi wa masewera uja anayamba kundimasulira. Akuti kwawo kwa mzunguyo hoke amasewera pa madzi oundana atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, ndipo kumeneko ndodo zamanzere n'zosayamba. Akuti kuli anthu amene ntchito yawo n'kuyendayenda ndi makope kuonera anyamata akusewera, n'kumalemba kuti uyu ndi woyamba, uyu wachiwiri. Ndiye limafika tsiku limene matimu akuluakulu amasankha anyamatawo mosinthana. Mzunguyonso ali mnyamata anadikira tsiku limenelo ndi makolo ake, koma dzina lake silinatchulidwe, chifukwa wolembayo anamuonera kamodzi kokha, tsiku limene anasewera akudwala. Kuyambira pamenepo anakana zoweruza mwana ndi tsiku limodzi.

Mzunguyo anapempha kuti Esinati asewere pang'ono ndi ndodo ya bambo ake. Aphunzitsi ena ananyinyirika, iye anaumirira. Abale, mwana wanga analowa m'bwalo misozi isanaume, ndipo anawadutsa atsikana aja mmodzimmodzi mpaka kugoli, anabwerezanso. Aphunzitsiwo anagwirizana zomupatsa mwezi umodzi kuti aphunzire ndodo yoyenera, adzamuonenso.

Mwezi umenewo unali wowawa. Ndinasema ndodo ina, ulendo uno motsata lamulo, ndipo Esinati ankayeserera pakati pa mabarani a fodya akaweruka kusukulu. Manja anatuluka matuza, tsiku lina anaiponya ndodoyo m'udzu nati basi zamukwana. Ndinakaitola n'kumubwezera m'manja, ndinamuuza kuti kulira alire koma asaime. Pang'onopang'ono tinaona chodabwitsa. Pa ndodo yoyenerayo dzanja lamanzere ndi limene limakhala pamwamba n'kumaiwongolera, ndipo limenelo ndiye linali dzanja lake lamphamvu.

Tinabwereranso ku Glendale. Atatha kusewera anatisonkhanitsa pansi pa mtengo kuti atchule mayina. Ine ndinatseka maso n'kuyamba kukangananso ndi Ambuye, moti sindinamve kalikonse, mpaka ndinamva wina akukoka jekete yanga. "Baba, tsegulani maso. Anditchula kale."

Ndikuthokoza Mulungu amene anatenga kulira kwa mnyamata wa dziko lozizira n'kukusunga zaka zonsezo kuti kudzapulumutse mwana wa kalipentala wa pa purazi. Esinati anamaliza Fomu 4, ndipo lero ndi mphunzitsi. Inu amene mwauzidwa kuti zanu zatha, makamaka inu amene munalakwitsa nokha ngati ine, vomerani kulakwako koma musagonje. Lapani mutaimirira, ndipo mwana wanu musamupereke. Ambuye akulimbitseni.