Kupha Ngodya

Olemekezeka a Mkulu a sukulu ino ya ntchito zamanja, olemekezeka a Pampando a komiti ya makolo, olemekezeka inu amene mwapereka zida zili patsogolo pathuzi, aphunzitsi, ophunzira, amayi ndi abambo, landirani moni wanga.

Ine ndine namwino, ndipo mutandiitana ndinada nkhawa kuti namwino akanena chiyani pamaso pa amisiri a matabwa. Choncho ndinalawirira, kuti ndizione zidazi ndisanatsegule pakamwa. Sowo ndinamuzindikira, tupa ndi matchizulo ndinazizindikira, koma panali kachopalira kena kokwana m'chikhatho, kokhala ndi kangalande pansi pake, kamene sindinakaonepo. Ndili kukatembenuza, ndinamva aphunzitsi akuuza mtsikana wina kuti, "Iwe, benchi limenelo lisatuluke usanaphe ngodya." Iye anati, "Zam'mwamba ndapha kale, aphunzitsi, zatsala zam'miyendo."

Musaseke. Kuntchito kwathu mawu akuti kupha sitiwatchula mwachisawawa.

Nditafunsa, mtsikanayo anatenga kachida kaja, nakayendetsa m'mphepete mwa thabwa, ndipo kanatulutsa kachidutswa ka thabwa kopotana, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Ndinati, "Mumadziwa bwanji kuti yafa?" Anati, "Yendetsanipo chala, amayi. Chikapanda kuchita mantha, ndiye kuti yafa." Ndinayendetsa kawiri, poti ndine munthu wosakhulupirira msanga.

Olemekezeka, bala loyamba limene ndinasoka nditachoka ku koleji linali pachipumi pa mwana wongophunzira kuyenda, pamwamba pa nsidze. Kuyambira pamenepo ndasoka ambiri, ndipo ndakhala ndikudabwa kuti bwanji ana a makolo osiyana, ochokera m'nyumba zosiyana, amabwera ndi bala lofanana pamalo amodzimodzi. Amayi awo amati mwanayu ndi wosamva, abambo awo amati amayi ake anali kuti, koma tebulo lokha palibe amalifunsa. Lero ndaona kuti bala limene ine ndimasoka ndi singano, inu mungathe kulichotsa ndi kachida aka lisanabadwe.

Kunyumba, mwana wanga wotsiriza wayamba kuimirira atagwira tebulo, ndipo chipumi chake chikulingana ndendende ndi ngodya, ndinayeza. Ndinakulunga ngodya zonse ndi thonje ndi mabandeji, mpaka bambo ake anandifunsa kuti, "Kodi amayi, tebuloli mulitulutsa liti m'chipatala?" Mwanayo amangosenda n'kulowetsa thonje m'kamwa.

Ndikuona kumbuyoko mwayamba kusuzumira pazenera. Inde, tebulo lili pagalimoto panjapo ndi lomwelo. A Mkulu, mukalola, likhale ntchito yoyamba ya kachopalira aka, ndipo ine ndiima pomwepo ndi chala changa.

Ndi mawu amenewa, ndikupereka zidazi m'manja mwanu, ndipo ndikulengeza kuti chipinda chino chopalira matabwa chatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.