Nyumba Yotchipa ya ku Nyimba

— Halo? Asisi a Lillian?

— Conrad! Uli bwanji ku Nyimba uko?

— Ndili bwino, kaya inu ku Petauke? Alamu? Ana?

— Tonse tadzuka. Koma iwe, ntchito ya ku Lusaka kuisiya, n'kukakhala kalaliki wa thonje! Malipilo si theka?

— Theka, ee. Koma ku Lusaka lendi inali kudya theka lomwelo. Malasha, basi, malaiti, pofika pa teni ndatsala manja lende. Inu ku Petauke zikukwana?

— Zikwane kuti? Ya uphunzitsi imathela pa unga. Fulumila, tokotaimu yako ingathe.

— Kuno ndapeza nyumba, asisi. Zipinda zitatu, ya malata. Handiledi kwacha pa mwezi.

— Handiledi? Ngakhale khola la nkhuku silitelo. Ya ndani?

— Ya a Tembo ena ake. Anzanga akulipila sauzande pa chipinda chimodzi.

— Nanga iwo sanaione nyumbayo?

— Akuti safuna. Mantha chabe.

— Mantha a chani? Halo? Conrad?

— Netiweki. Pali chipinda chimodzi chokhoma, kiyi ali ndi eni ake. Anangondiuza kuti ndikamva wina akundiitana dzina m'menemo, ndisayankhe.

— Mayo ine! Ndipo wamvapo?

— Mailo, dzulo lomweli masana. Mawu a amai.

— Amai tinaika chaka chatha, iwe!

— N'chifukwa chake sindinayankhe. Lelo m'mawa anali a kapitawo wathu.

— Tuluka. Bwela kuno, udzagona pa sofa.

— Ndidye chani? Kwina kulikonse malipilo anga sakwana. Kusayankha n'kovuta ngati?

— Amene analimo kale ali kuti?

— A Tembo akuti anasamuka. Katundu wao alimobe, nsapato zomwe.

— Uli kuti manje?

— M'nyumba, ndabwela kudzadya. Dikilani... Mwasintha foni? Mukumveka kawili.

— Kawili bwanji?

— Kukhutu kuno, komanso kukhonde la mkati.

— Conrad, tamvela, usa...

— Ee, asisi? Ndili pano. Mwandiitanilanji mokuwa chonchi?

— Sindinakuwe! Si ine uyo!

— Aa, koma chitseko chija chatseguka.

— Thawa! Siya zonse, thawa!

— Musadandaule, asisi. Ndakuonani, mwakhala pamphasa. Ndikubwela.

— Ine ndili ku Petauke! Conrad! Halo? Halo?